Phungu wa Wosewera Mpira Wachinyamata: Kodi Ulangizi Uli ndi Phindu Lanji?

Pa tsiku la masewero a ligi, anthu a ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni ndi Machinjiri amakhamukira ku Kamuzu Stadium kukachemerera anyamata amene ena mwa iwo sanakwanitse n'komwe zaka 20. Mnyamata amene dzana lomweli ankathamangitsa chikulunga pa bwalo la fumbi kuseri kwa sukulu ya pulayimale, lero dzina lake likumveka pa wailesi, ndipo akatsika minibasi mu Limbe mavenda akumuitana ndi dzina lomutamanda. Ochemerera amamuona kwa mphindi 90 zokha. Maola ena onse a sabata amakhala akulimbana ndi zinthu zimene palibe anamuphunzitsapo: kontrakiti yolembedwa m'Chingerezi cha maloya, ndalama zobwera pakamodzi, achibale oyembekezera thandizo, bondo lopweteka limene akuopa kuliulula, ndiponso anzake atsopano amene amupeza chifukwa cha kutchuka.

Funso limene anthu a mpira akukambirana m'maiko ambiri ndi ili: kodi timu ikamupatsa mnyamata wotere munthu wamkulu woyenda naye, mwadongosolo osati mwamwayi chabe, moyo wake ndi kaseweredwe kake zimasinthadi? Ena amavomereza. Ena amati n'kutaya nthawi pamene malipiro enieniwo akuvuta. Tisanaweruze, tiyambe tamvana kuti munthu wamkuluyo ndani, ndipo ntchito yake ikusiyana bwanji ndi ya anthu ena amene amazungulira wosewera.

Namkungwi, phungu ndi ejenti

Chikhalidwe chathu chili kale ndi mawu ofotokozera nkhaniyi. Pa chinamwali pamakhala namkungwi ndi phungu. Namkungwi amalangiza gulu lonse, ndiye mwini mwambo, ndipo mawu ake satsutsidwa. Phungu amakhala wa namwali mmodzi. Amamuperekeza, amamumasulira zimene sanamve, amamulankhulira pamene iye sangathe kulankhula, ndipo ubale wawo sutha chinamwali chikatha. Masiku ano mawu akuti phungu timawamva kwambiri pa nkhani za ku Nyumba ya Malamulo, koma tanthauzo lake lakale ndi limeneli.

Mu mpira, kochi ndi namkungwi. Ntchito yake ndi kupambana masewero, ndipo ali ndi mphamvu yosankha woyamba kusewera ndi wokhala pa benchi. Mphamvu imeneyi ndi imene imamulepheretsa kukhala phungu weniweni. Wosewera sangauze kochi kuti usiku sanagone chifukwa cha ngongole, kapena kuti akuopa kulimbirana mpira wa m'mwamba chivulalire, popeza akudziwa kuti Loweruka dzina lake silidzakhalapo. Ejenti nayenso si phungu. Amapeza ndalama wosewera akasaina kapena akagulitsidwa, choncho malangizo ake, ngakhale atakhala munthu wokhulupirika, amapendekera kumene kuli msika.

Phungu wa wosewera ndi munthu wodziwa mpira kapena wodziwa moyo, amene alibe mphamvu pa kusankha timu ndipo sapezapo kanthu wosewerayo akasamuka. Amakumana naye kawirikawiri, kwa nthawi yaitali, ndipo zimene akambirana sizituluka kunja. Tikamanena za pulogalamu ya ulangizi tikutanthauza kuti timu, akademi kapena bungwe la osewera lasankha anthu otere, lawaphunzitsa, lawagawira achinyamata, ndipo likuyang'anira kuti akukumanadi.

Katswiri wa ku America, Kathy Kram, m'buku lake la mu 1985 lonena za ulangizi pa ntchito, anagawa ntchito ya phungu pawiri. Gawo loyamba ndi lothandiza munthu kukwera pa ntchito yake: kumuonetsa njira, kumudziwitsa kwa anthu oyenera, kumutchinjiriza ku zolakwa zazikulu. Gawo lachiwiri ndi la mumtima: kumumvetsera, kumulimbitsa, kukhala chitsanzo chimene angatsanzire. Mu mpira magawo awiriwa salekana, chifukwa mtima wosweka umaonekera m'miyendo.

Mmene zinkakhalira kale mu Blantyre

Blantyre ndi kuchimake kwa mpira wa dziko lino. Matimu awiri akuluakulu, Bullets ndi Wanderers, anayamba mu mzinda uno m'zaka za m'ma 1960, ndipo likulu la bungwe la FAM lili ku Chiwembe mu Limbe. Kwa zaka zambiri mpira unali m'manja mwa makampani, ndipo mayina a matimu ankadzichitira okha umboni: Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, Hardware Stars, ADMARC Tigers, MDC United, ESCOM United. Osewera ambiri ankalembedwa ntchito ndi kampani yothandiza timuyo. M'mawa mnyamata ankakhala mu ofesi, m'sitolo kapena m'fakitale, madzulo n'kumapita ku bwalo.

Dongosolo limeneli silinkatchedwa ulangizi, koma linkagwira ntchito ya ulangizi. Wosewera ankakhala pakati pa anthu akuluakulu tsiku lonse. Ankaphunzira kusunga nthawi, kulandira malipiro a pa mwezi ndi kuwagawa, ndipo miyendo ikatopa ankatsala ndi ntchito. Mbadwo umene unatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979 pansi pa kochi Ted Powell, n'kukafika ku mpikisano wa maiko onse a mu Africa koyamba mu 1984, unakulira m'nyengo imeneyi. Ndi mbadwo wa Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Young Chimodzi ndi Lawrence Waya.

Palinso mzere wa kupatsirana nzeru umene munthu angautsate ndi chala. Kinnah Phiri, amene anali womwetsa zigoli wa Bata Bullets, anadzakhala kochi wa Bakili Bullets imene inafika m'magulu a CAF Champions League mu 2004, kenako anatsogolera timu ya dziko lino ya Flames ku mpikisano wa maiko onse a mu Africa ku Angola mu 2010, kumene inagonjetsa Algeria 3-0. Kaputeni wa Flames imeneyo anali Peter Mponda, amene atasiya kusewera anatembenukira kwa ana pa akademi ya Surestream ku Chilomoni, asanakhale kochi wa matimu akuluakulu. Jack Chamangwana naye anabwerera ku Wanderers atasewera ndi kuphunzitsa kunja, ndipo anatumikira timuyo mpaka imfa yake mu 2018.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 chuma chinasintha. Makampani a boma ena anagulitsidwa, ena anatsekedwa, ndipo matimu angapo anafera limodzi ndi eni ake. Mpira unayamba kusanduka ntchito payokha. Zimenezi zili ndi ubwino wake, chifukwa wosewera tsopano amapereka tsiku lonse ku luso lake. Koma khoma limene linkamutchinga linagwa, ndipo m'malo mwake simunamangidwe lina. Kapitawo wa m'fakitale amene ankamudzudzula akachedwa kulibenso. Matimu a asilikali ndi apolisi, monga Moyale Barracks, Kamuzu Barracks ndi Blue Eagles, ndi amene asungabe mbali ina ya njira yakale ija, pomwe wosewera amakhala ndi ntchito ndi akuluakulu omuyang'anira.

Nthawi yomweyo achinyamata akulowa m'matimu akuluakulu ali aang'ono, ndipo akupita kunja mofulumira. Timu yachiwiri ya Bullets yakhala ikutulutsa osewera amene anakhala msana wa timu yaikulu pamene inkatenga ligi motsatizana pansi pa Kalisto Pasuwa. Charles Petro ndi Peter Banda anapita ku Sheriff Tiraspol ya ku Moldova ali achinyamata, ndipo Francisco Madinga anachoka ku Wanderers kupita ku Dila Gori ya ku Georgia. Njira ya kunja yatseguka. Funso ndi lakuti amene akuyendamo akuperekezedwa ndi yani.

Malo anayi amene wosewera amapunthwa

Phindu la phungu limaoneka bwino tikayang'ana pamene achinyamata amagwa kawirikawiri, ndi chifukwa chake amagwera pamenepo.

Poyamba ndi kontrakiti. Malamulo a FIFA amati wosewera wa ntchito ndi amene ali ndi kontrakiti yolembedwa ndipo amalandira zoposa zimene amawononga posewera. Kontrakiti siyenera kupitirira zaka zisanu, ndipo kwa wosakwana zaka 18 siyenera kupitirira zaka zitatu. Wosakwana zaka 18 saloledwa kugulitsidwa kunja kwa dziko lake, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo akasamukira kudzikolo pa zifukwa zosakhudza mpira. Timu ikalephera kulipira miyezi iwiri, wosewera angailembere kalata yoipatsa masiku 15, ndipo ikapanda kulipirabe ali ndi ufulu wothetsa kontrakiti. Awa ndi malamulo olembedwa, koma mnyamata amene analekeza sukulu Folomu 2 sangawadziwe payekha. Amayang'ana ndalama yosainira yokha, chifukwa ndi imene ikuoneka lero. Phungu sakhala loya, koma amadziwa kunena kuti, “Usasaine lero. Tenga pepalali, tikalionetse kwa munthu wodziwa.” Tsiku limodzi lodikira limapulumutsa zaka zitatu za kudandaula.

Pachiwiri ndi ndalama. Vuto la ndalama za mpira si kuchepa kokha, komanso kabweredwe kake. Zimabwera mwa mafunde: yosainira pakamodzi, bonasi timu ikapambana, kenako miyezi ya chilala. Munthu amene anakulira m'nyumba imene ndalama ya lero imathera pa ufa wa lero sanaphunzirepo kusunga chinthu chimene sanakhalepo nacho. Pamwamba pa izi pali abale. M'dera ngati Mbayani kapena Chilobwe, mnyamata akayamba kutchulidwa pa wailesi banja lonse limaona ngati njala yatha. Kukana kuthandiza amayi kapena kulipirira mng'ono wake fizi sikungatheke, ndipo sikoyenera. Chimene phungu amaphunzitsa ndi malire: kuchuluka kwa zimene zipite kunyumba mwezi uliwonse, zimene zisungidwe, ndi mawu aulemu okanira amalume amene abwera kachitatu mwezi umodzi. Kusunga nakonso kumafuna nzeru m'dziko limene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Puloti, njerwa ndi malata zimasunga thukuta la munthu bwino kuposa galimoto yakale yogulidwa kuti anthu aone. Palinso juga ya pa foni, imene yafala m'tauni monse. Malamulo a FIFA amaletsa wosewera kubetcha pa mpira, ndipo ngongole ya juga ndi khomo limene anthu ofuna kugula masewero amalowerapo.

Pachitatu, ndipo apa m'pofunika kuima pang'ono, ndi kuvulala ndi kusiyidwa. Ligi yaikulu ya dziko lino ili ndi matimu 16. Ngati timu iliyonse ili ndi osewera 30, malo onse sakwana 500, pomwe anyamata amene akulota malowo ali m'boma lililonse. Ambiri mwa amene amalowa m'matimu a achinyamata sadzafika pamwamba, ndipo amene afika angatsike sabata imodzi mtsempha wa m'bondo ukaduka, vuto limene limatenga pafupifupi chaka kuti munthu abwerere bwino. Wovulala amataya zambiri pakamodzi. Bonasi imaima, anzake amapita ku kampu iye n'kutsala, ochemerera amapeza dzina lina loimba. Popeza kuyambira ali mwana wakhala akudziwika kuti “wampira uja”, mpira ukachoka amasowa chodzitchula. Kafukufuku wa bungwe la osewera pa dziko lonse la FIFPRO mu 2015 anapeza kuti osewera 38 mwa 100 alionse amene anafunsidwa anali ndi zizindikiro za nkhawa kapena kukhumudwa kwakukulu, ndipo amene anavulalapo kwambiri kangapo ndiwo anali pa chiopsezo chachikulu.

Nkhani ya Jeremy Wisten imatikhudza ife Amalawi mwapadera. Anabadwira kuno, anakulira ku England, ndipo anali mu akademi ya Manchester City. Anavulala bondo, pambuyo pake timu inamumasula, ndipo mu Okutobala 2020 anadzipha ali ndi zaka 18. Imfa yotere siikhala ndi chifukwa chimodzi, koma inachititsa anthu a mpira ku England kufunsana za chimene chimachitikira mwana akauzidwa kuti asabwerenso. Mu 2022 timu ya Crystal Palace inalengeza kuti idzayenda ndi achinyamata amene yawamasula kwa zaka zitatu, kuwathandiza kupeza timu ina, sukulu kapena ntchito. Phunziro lake ndi lakuti phungu amafunika kwambiri pa nthawi imene timu ilibenso ntchito ndi wosewerayo.

Pachinayi ndi ulendo wa kunja. Chinenero, chakudya, kuzizira ndi kusungulumwa zimabweza osewera aluso kuposa mmene otchinga kumbuyo a matimu ena amawabwezera. Chitsanzo chooneka bwino cha phindu la woyenda patsogolo ndi cha ana a Chawinga. Tabitha anapita ku Sweden, kenako ku China, asanakasewere ku Inter Milan, Paris Saint-Germain ndi Lyon. Mng'ono wake Temwa, amene ankasewera ku Blantyre Zero, anatsata mapazi omwewo ku Kvarnsveden ya ku Sweden ndi ku Wuhan, ndipo mu 2024 anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America. Luso ndi lake la Temwa, palibe angamulande. Koma anali ndi munthu amene anaponda kale minga ya m'njiramo. Pulogalamu ya ulangizi imafuna kupereka mwayi womwewu kwa amene alibe mkulu wawo wotere.

Zimene kafukufuku wapeza

Kafukufuku wambiri wa ulangizi anachitika pa ana asukulu ndi achinyamata a ku America, osati pa osewera mpira. Komabe zimene anapeza n'zothandiza, makamaka chifukwa zimachepetsa chiyembekezo chopyola muyeso.

David DuBois ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za mapulogalamu ambiri mu 2002 komanso mu 2011. Anapeza kuti ulangizi umathandizadi pa khalidwe, pa maphunziro ndi pa kudzidalira, koma phindu lake pa wachinyamata mmodzi limakhala laling'ono, ndipo limakula pamene alangizi asankhidwa mosamala, aphunzitsidwa ndipo akuyang'aniridwa. Jean Grossman ndi Jean Rhodes mu 2002 anaunika ana a m'pulogalamu ya Big Brothers Big Sisters n'kupeza kuti utali wa ubale ndi wofunika kwambiri. Amene anakhala ndi mlangizi wawo chaka chimodzi kapena kuposerapo ndiwo anapindula kwambiri. Amene ubale wawo unatha miyezi itatu isanakwane anatsika pa kudzidalira kuposa mmene analili poyamba.

Palinso chenjezo lakale. Kafukufuku wa Cambridge-Somerville, amene anayamba mu 1939, anapatsa anyamata ena alangizi, ena ayi. Patatha zaka pafupifupi 30, Joan McCord anawalondola n'kupeza kuti amene analangizidwa anali ndi mavuto ochulukirapo pa zinthu zina, monga uchidakwa ndi kubwereza milandu, ngakhale kuti ambiri mwa iwo ankawakumbukira alangizi awo mwachikondi. Akatswiri amasiyana maganizo pa chifukwa chake. Ena amaloza kusonkhanitsa pamodzi anyamata ovuta, amene anaphunzitsana zoipa. Ena amaloza kuzolowetsa mwana thandizo kenako n'kulichotsa mwadzidzidzi.

Chodziwika ndi ichi: ulangizi wokhalitsa, wochitidwa ndi anthu okonzedwa bwino, umathandiza pang'ono koma moonadi, pomwe ulangizi woyamba ndi phokoso n'kufera m'njira ungavulaze. Chimene sichinatsimikizike ndi chakuti ulangizi paokha umapangitsa wosewera kukhala katswiri. Ma akademi ngati Right to Dream ya ku Ghana, imene inayamba mu 1999 ndipo inatulutsa Mohammed Kudus, kapena Diambars ya ku Senegal, kumene anachokera Idrissa Gueye, amatchulidwa kawirikawiri ngati umboni. Koma kumeneko ulangizi umabwera pamodzi ndi sukulu, chakudya chabwino, madokotala ndi kusankha ana aluso kwambiri. N'kovuta kulekanitsa kuti chinagwira ntchito n'chiti.

Pamene anthu amasiyana maganizo

Gulu loyamba la otsutsa limati vuto la wosewera wa kuno ndi umphawi, osati kusowa malangizo. Amati kuphunzitsa munthu kusunga ndalama imene sanalandire n'kumunyoza. Mfundo imeneyi ndi yolemera. Lipoti la FIFPRO la mu 2016, limene linafunsa osewera pafupifupi 14,000 m'maiko oposa 50, linapeza kuti 41 mwa 100 alionse anachedwerapo kulandira malipiro awo. Pulogalamu ya ulangizi ingasanduke chophimba chimene timu yosalipira imadzikongoletsa nacho. Otsutsawa akunena zoona kuti malipiro ndiwo oyamba. Pamene akulakwitsa ndi poganiza kuti ziwirizi zikulimbirana malo. Wosewera amene ali ndi phungu wodziwa malamulo ndi amene amadziwa kufunsa malipiro ake m'njira yoyenera.

Gulu lachiwiri limati zonsezi zilipo kale. Kuli makaputeni, kuli osewera akale amene amabwera ku bwalo, kuli makolo, mipingo ndi mizikiti. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mpira wa mu Blantyre sunasowepo akuluakulu. Izinso n'zoona, koma thandizo lotere limagwa ngati mvula ya mawawa, pena inde pena ayi. Limapita kwa mnyamata waluso kwambiri, womasuka polankhula, kapena wochokera kumudzi kumodzi ndi wamkuluyo. Wamanyazi amene wachokera ku Karonga kapena ku Nsanje, amene akuchita lendi chipinda chimodzi ku Bangwe ndipo sadziwa aliyense mu mzinda, ndi amene amatsala. Dongosolo limafunika chifukwa cha ameneyu.

Mkangano wachitatu ndi wa amene ayenera kukhala phungu. Ambiri amaganiza msanga za osewera akale, ndipo pali chifukwa chomveka: wachinyamata amamvera munthu amene anavalapo yunifolomu yomweyo, n'kutukwanidwapo ndi masapota omwewo. Komanso ntchito imeneyi ingapatse osewera akale, amene ena akuvutika, malo olemekezeka mu mpira. Koma kusewera bwino sikuphunzitsa munthu kumvetsera. Wina angathere ola lonse akukamba za zigoli zake zakale. Wina angakhale kuti iye mwini sanathane ndi mowa kapena ngongole. Wina angayambe ngati phungu n'kuthera pa kukhala ejenti wamseri. Choncho ena amati phungu angakhalenso mphunzitsi, namwino, munthu wa bizinesi kapena wogwira ntchito ku banki, bola akhale wokhwima maganizo. Njira yanzeru ikuoneka kuti ndi kuphatikiza: wosewera wakale wophunzitsidwa bwino, amene ali ndi anthu ena odziwa zimene iye sadziwa, oti angatumizeko mnyamata.

Wachinayi ndi mkangano wa chinsinsi. Akuluakulu a matimu ena amafuna phungu akhale maso a kochi, wowauza amene anapezeka ku malo omwera mowa usiku. Zikatero ulangizi wafa, chifukwa palibe mnyamata angaululire kazitape zakukhosi. Koma chinsinsi chilinso ndi malire. Ngati wosewera akulankhula zodzipha, akuchitiridwa nkhanza, kapena wafikiridwa ndi ofuna kugula masewero, phungu ayenera kudziwitsa oyenera, ndipo malire amenewa anenedwe poyera tsiku loyamba.

Palinso nkhani imene sitiyenera kuilambalala. Ubale wa munthu wamkulu ndi wachinyamata, wokumana awiri okha, ungagwiritsidwe ntchito molakwika. Chiopsezo n'chachikulu kwa atsikana, amene mpira wawo ukukula mofulumira chitengereni timu ya amayi ya dziko lino ya Scorchers chikho cha COSAFA mu 2023. FIFA inakhazikitsa ndondomeko yoteteza ana mu mpira yotchedwa FIFA Guardians mu 2019. Pulogalamu iliyonse iyenera kufufuza mbiri ya alangizi ake, kukonza kuti azikumana pamalo oonekera, ndi kupatsa wosewera munthu wina woti angakadandauleko.

Zimene zingatheke mu Blantyre

Ulangizi ndi chimodzi mwa zinthu zotsika mtengo mu mpira. Sufuna bwalo latsopano kapena basi. Umafuna munthu mmodzi m'timu woyendetsa dongosolo, alangizi ochepa oti aliyense akhale ndi achinyamata osapitirira atatu kapena anayi, ndalama yoyendera ndi ya foni, ndi pangano lakuti adzakumana kawiri pa mwezi kwa chaka chathunthu. Poona zimene kafukufuku uja anapeza, timu imene singathe kusunga pangano la chaka chimodzi ndi bwino iyambe ndi osewera ochepa kusiyana n'kuyamba ndi onse n'kuwasiya pa njira.

Mzinda uno uli ndi mwayi umene madera ena alibe. Madokotala a mafupa ndi othandiza ovulala kuyambanso kuyenda ali ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi ku Kamuzu University of Health Sciences. Yunivesite ya MUBAS ili pafupi ndi Kamuzu Stadium, ndipo Soche Technical College ili mu Limbe. Wosewera amene amachita zokonzekera m'mawa ali ndi masana onse, ndipo maola amenewa ndi okwanira kubwereza mayeso a MSCE, kuphunzira zamagetsi kapena kuyamba maphunziro a ukochi. Phungu ndi amene amalumikiza mnyamata ndi malo amenewa, n'kumufunsa mwezi wotsatira ngati anapitadi.

Pa funso la amene alipire, matimu akuluakulu ali ndi chifukwa cha bizinesi. Wosewera amene wakhazikika kunja amagulitsidwanso, ndipo malamulo a FIFA amati 5 peresenti ya mtengo wake, akamasamuka pakati pa maiko, igawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Amene wabwerako patatha miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha kusungulumwa sabweretsa kanthu. Matimu ang'onoang'ono a ku Ndirande ndi Chirimba nawonso angapindule ndi lamuloli, koma pokhapokha ngati analembetsa mwanayo m'kaundula wa FAM pa nthawi yake.

Koma si bwino kusiya zonse m'manja mwa matimu, chifukwa timu ndi bwana, ndipo tsiku lina zofuna zake zidzasemphana ndi za wosewera. Bungwe la osewera la Football Players Association lili pamalo abwino osungira mndandanda wa alangizi amene sali pansi pa timu iliyonse, amene angapitirize kuyenda ndi mnyamata ngakhale atamasulidwa kapena atasamukira ku Lilongwe. FAM ndi bungwe loyendetsa ligi la SULOM ali ndi chida m'manja mwawo: chaka chilichonse matimu amayenera kukwaniritsa zofunika zina asanapatsidwe chilolezo chosewera mu ligi. Pa zofunikazo awonjezerepo chimodzi, chakuti wosewera aliyense wosakwana zaka 21 akhale ndi phungu wodziwika ndi dzina, amene si kochi wake kapena ejenti wake, ndipo phunguyo apitirize kumuyendera kwa chaka chimodzi kontrakiti ikatha.